Kalata Yolembedwa Pakhonde

Amayi anga ndi munthu wabwino, koma pa nkhani ya ulemu alibe nthabwala. Febian Njobvu, mnyamata wa ku Nyimba, anafunsira mng'ono wanga Cynthia, ndipo miyezi isanu ndi umodzi inatha amayi osanena kuti inde kapena ayi. Cynthia mpaka anaonda. Mlandu wake unali umodzi basi: tsiku loyamba kufika kwathu ku Petauke, Febian anapereka dzanja kwa amayi n'kukhala nawo pabenchi imodzi. Wofuna ukamwini kugundana mawondo ndi apongozi! Ine, Happiness, ndinathawira kuseri kwa nyumba kukaseka, koma amayi sanaseke.

Ndiye Loweruka lina kunagwa ntchito. Amayi ndi mlembi wa kwaya, ndipo ndondomeko ya msonkhano wa makwaya ku Kaumbwe inkafunika kwa abusa masana omwewo. Laputopu ya Cynthia inali itamwa tiyi, mabatani ambiri osagwiranso. Cynthia anaimbira Febian, iye n'kukwera basi yoyamba.

Vuto linali lakuti amayi sakhulupirira chilembo chimene sanachione ndi maso awo. Laputopu inayenera kukhala pamphuno pawo penipeni. Nanga wolembayo akakhala pati? Ndinayamba kale kumumvera chisoni.

Febian anafika, nanjuta pakhomo, n'kuomba m'manja. M'chikwama anatulutsa kiyibodi ndi kamausi, zonse zopanda chingwe, ndipo anandipatsa kachidutswa kakang'ono ngati nyemba.

"Alamu, ngenesani aka pambali pa laputopu," anatero chonong'ona. "Ine nizankala panja."

Anakakhala pansi pakhonde, msana kukhoma, kiyibodi pamiyendo, kamausi pathireyi ya makapu. Amayi anali patebulo m'nyumba ndi magalasi awo. Ine ndinaima pakhomo kukhala mthenga, poti amayi sakanalankhula naye maso ndi maso.

"Happiness, uwauze a Njobvu alembe kuti, Pemphelo lotsegulila."

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, kunja kunamveka kwatakwata, mawu n'kutulukira pagalasi. Amayi anayang'ana laputopu, anayang'ana khoma, n'kuvula magalasi.

"Iye! Alemba ali kuja?"

Apa ndiye zinthu zinakoma. Febian sankaona chimene akulemba, choncho amayi ankamuongolera ngati munthu woyendetsa ngolo.

"Uwauze kamuvi kayende kumanzele! Ayi, kapitilila! Kabwele! Kwezani, a Njobvu, kwezani! Apo pamene, dinani!"

Mwamva? Anaiwala zondituma ine, akukuwa okha. Febian kunja akungoti, "Inde amai, inde amai," thukuta kamukamu, dzanja likuzungulira pathireyi. Kamodzi anadina polakwika, kwaya ya Mwape yonse n'kufufutika. Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti, ine ndinakhala pansi pakhomo pomwepo misozi ili mbwee. Kunena zoona ndinasangalala, chifukwa panali patapita nthawi ndisanawaone amayi otere.

Ola lisanathe ndondomeko inatha, yoyera bwino, Cynthia n'kuitumiza kwa abusa. Febian anayamba kulongedza.

"Uwauze asalongeze," anatero amayi, nkhope itabwerera mwakale. "Kuli kalata ina."

Febian anabwezera kiyibodi pamiyendo.

"Alembe kuti, Kwa achimwene a Godwin, ku Sasare."

A Godwin ndi amalume athu, ndipo kwathu ukwati suyenda popanda iwo. Cynthia anauma pamene anaimapo, kapu ili m'manja.

"Achimwene, mubwele mwezi wa mawa tikambe za mwana wanu Cynthia. Mnyamata uja namuona bwino lelo. Poyamba anaphonya, koma manje adziwa pokhala."

Kwatakwata uja analeka. Amayi anadikira, akuyang'ana pagalasi.

"Nanga bwanji? Batile yasila?"

Ndinasuzumira kunja. Mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, kukamwa kuli mwee, misozi ikutsikira m'kolala.

"Batile ilipo, amai," ndinayankha. "Olemba ndiye asila."

Cynthia anaponya kapu uko n'kuyamba kuvina pakati pa nyumba. Amayi anabisa kumwetulira ndi nsonga ya chitenje.

"Uwauze apukute m'maso amalize," anatero. "Dzina la mkamwini wanga alembe okha, asaliphonye."