Funso la Siteshoni Yachitatu

Merv Pascoe anayendetsa sitima ya katundu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndiye funso la njanji litatuluka, mkazi wake Glenys anaomba m'manja pakati pa anthu oonerera mpaka mayi woyandikana naye anamucheukira. Linali funso lomaliza pa mpikisano wa mafunso wa pa kanema, umene awiriwa ankaonera madzulo aliwonse kwawo ku Port Augusta chipumireni Merv pa ntchito. Tsiku limeneli Merv anali mmodzi wa opikisana. Wofunsa anati atchule siteshoni yachitatu pa njanji ina yakale ya kuchipululu imene inazulidwa kalekale. Merv anatchula dzinalo osaphethira n'komwe.

"Pepani bambo Pascoe, mwaphonya," anatero wofunsayo, n'kutchula dzina lina.

Glenys anadikira kuti mwamuna wake atsutse. Munthu ameneyu ankakangana ngakhale ndi wolengeza zanyengo pa wailesi. Koma Merv anangoyang'ana zikhatho zake n'kunena kuti, "Chabwino."

Patatha milungu isanu pulogalamuyo inaonetsedwa, ndipo dziko lonse linaona. Pa intaneti panali gulu la anthu okonda mpikisanowo, amene tsiku lililonse ankakambirana mafunso, mayankho ndi amene wapambana. Merv anali m'gululo kwa zaka zambiri, wotchuka ndi kukonza ena akalakwitsa. Tsiku limenelo foni yake anaisiya pa tebulo n'kupita kukashedi kake kuseri kwa nyumba. Glenys ndi amene anawerenga.

"Zaka zonsezo pa sitima, siteshoni osaidziwa? Mdalayu ankayendetsa ali mtulo eti?" analemba wina.

"Bola ankanyamula katundu. Akanakhala anthu bwenzi mpaka pano akudikirabe," anayankha mnzake.

Wina wachifundo anati, "Musamuseke, ukalamba uwu. Simunaone mmene maso ake amayenderayendera?"

Mawu a wachifundoyo ndi amene anamulasa Glenys, chifukwa iye anali ndi zimene ankabisa. Mwezi wapitawo anapeza makiyi a galimoto mufiriji. Tsiku lina Merv anaima pageti akucheza ndi mnansi amene anakhala naye moyandikana kwa zaka makumi awiri, ndipo atalowa m'nyumba anafunsa monong'ona kuti, "Paja ujeniyu dzina lake ndani?" Glenys anangoseka n'kusintha nkhani.

Kuyambira tsiku limene pulogalamu ija inaonetsedwa, Merv anasiya kuonera mpikisanowo. Nthawi yake ikakwana ankatenga kapu ya tiyi n'kukakhala kushedi, pakati pa zitini za misomali, osakonza kanthu.

Patatha masiku anayi, mayi wina wa m'gululo dzina lake Thuy Lam, wogwira ntchito mulaibulale ku Darwin, anaika chithunzi cha ndandanda wakale wa maulendo a sitima. "Anzanga, taonani apa," analemba. "Malo amene anatchula a kanema aja sanali siteshoni. Panali thanki yomwetsera sitima madzi basi. Siteshoni yachitatu ndi imene anatchula bambo Pascoe."

Moto unabuka. Craig, amene ankalemba zotsatira za tsiku lililonse ndipo ankadziyesa mwini gulu, anakana kwamtuwagalu. "Wofunsa akati waphonya, waphonya. Kapepala kachikasu aka kasatisokoneze."

"Iwe Craig, sitima unaikwerapo koma?" anamufunsa wina.

"Pamene sitima yaima ndi siteshoni, basi!"

"Ndiye ikaima chifukwa cha ng'ombe pa njanji, ng'ombeyo ndi siteshoni?"

Anakangana sabata yathunthu. Ena anabweretsa mapu, ena zithunzi za agogo awo. Amene anaseka poyamba aja anafufuta mwakachetechete zimene analemba. Glenys ankawerenga zonse ataima pasinki, koma akamuuza Merv, iye ankangoti, "Asiye."

Kenako Lachiwiri lina m'mawa foni inalira. Anali mtsikana wa ku kanema kuja, mawu ake osalala. Anati afufuza, apeza kuti analakwitsa ndi iwo, ndipo akupempha bambo Pascoe abwererenso mwezi wamawa. Glenys anathamangira kushedi, epuloni ili m'chiuno.

"Merv! Unakhoza iwe! Apepesa, akuti ubwerere!"

Merv anali atakhala pa kabokosi, akupukuta sipanala yoyera kale. Sanadzuke.

"Wamva koma?"

"Ndamva."

"Nanga bwanji ukungokhala ngati wauzidwa za maliro?"

Anaika sipanala ija pansi. "Glen, pa siteshoni imene ija ndinagonapo masiku atatu njanji itakokoloka ndi madzi. Ndikudziwa mtundu wa chitseko chake. Koma mnyamata uja atangoti ndaphonya, ndinamukhulupirira. Pompo. Ndinati basi, nayonso yandithawa ngati zinazi."

"Zinazi ziti?" anafunsa Glenys, ngakhale ankadziwa.

"Usanamizire. Makiyi aja unawachotsa ndiwe mufiriji. Ndinakuona."

Glenys anakhala pansi pa thumba la manyowa. Panja mphepo yotentha inkagwedeza malata.

"Ndikabwerera adzandifunsa dzina la mdzukulu wanga, ine n'kuima kukamwa yasa dziko lonse likuona," anatero Merv, akuyesa kuseka. "Uwauze kuti zikomo."

Masana Glenys anaimbira a kanema n'kukana. Anaimbiranso kuchipatala, ndipo anamupatsa tsiku la pa 19 loti Merv akaonane ndi dokotala. Atatero anatenga foni ya mwamuna wake n'kulemba m'gulu muja kuti ndi mkazi wa Merv, akuthokoza mayi Lam, koma Merv sabwererako. Sanapereke chifukwa.

Thuy anayankha kuti, "Muwapatse moni bambowo." Anthu ena atatu anati n'zachisoni. Craig anasintha zotsatira za tsiku lija. Pofika madzulo gulu lonse linali litasamukira pa funso latsopano la mapiri ophulika, akukangana ngati mphunzitsi wina wa ku Hobart anayankha nthawi isanathe.

Glenys anazimitsa foniyo, n'kukaitana Merv kuti adzadye.