Lekani Nisilize

Anthu a mu komboni ya Kanyama alibe nthawi yomvetsera, ndipo Hafswa anazidziwa zimenezi asanakwanitse n'zaka khumi zomwe. Iye anabadwa lilime lili lolemera, dzanja lamanja lopindikira pachifuwa, mwendo umodzi wokoka. Mutu wokha unali wakuthwa ngati lumo. Koma kuti liwu limodzi lituluke m'kamwa mwake, inali nkhondo: khosi kuuma, nsagwada kupotoka, mpweya kuthawa. Ndiye anthu, ndi chifundo chawo chotopetsacho, ankamumalizira mawu. Akangoti, "Nifuna ma...", wogulitsa wanena kale kuti, "Matimati?" n'kuyamba kumuikira m'pepala, chikhalirecho mwana wa eni akufuna machesi. Ha! Matimati amene Hafswa anapita nawo kunyumba osawafuna akanadzaza wilibala.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamva liwu lililonse la Hafswa, ndipo anali bambo ake, Che Mohamedi. Mkuluyu anachoka ku Mangochi ali mnyamata, n'kuoloka malire kudzafuna ntchito m'dziko lino. Anagwira ntchito pa kampani ina ya boma mpaka tsiku limene inagulitsidwa, iwo n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. Kuyambira pamenepo ankadula migolo yakale n'kumakhoma mbaula ndi ndowa pakhonde. Mkazi wawo atamwalira, analera mwanayo okha. Ankamukonda, zimenezo musakaike. Koma nawonso anali ndi matenda omwewo. Munthu akafunsa Hafswa kuti wadzuka bwanji, iwo ayankha kale kuti, "Wadzuka bwino." Ngakhale atadzuka mutu ukuwawa.

M'chaka cha 2009, Hafswa ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, malo a intaneti anamera mu komboni ngati bowa. Mayi wina, Ba Elina, anatsegula awo pafupi ndi msika, makompyuta anayi m'kachipinda koyandikana ndi ometa tsitsi. Kumeneko n'kumene Hafswa anapeza chinthu choyamba padziko lapansi chimene sichinkamudula mawu. Ankalemba ndi chala chimodzi cha dzanja lamanzere, go, go, go, ndipo kompyutayo inkangodikira. Anatsegula bulogu, tsamba lake lakelake lolembapo zakukhosi, n'kulitcha dzina loti "Lekani Nisilize".

Ndipo ankasilizadi! Analemba za makondakitala a minibasi amene ankamusiya pa siteji poganiza kuti waledzera. Analemba za mvula ya mu Kanyama, mmene madzi amadzazira njira anthu n'kumadumpha pa miyala, iye wosatha kudumpha n'kukhala m'nyumba sabata zitatu. Analemba za alaliki a mumsewu amene ankamugwira mutu osapempha, kumukokera mpango wake wa Chisilamu uku akukalipira chiwanda chimene iye sanachionepo. Anthu anayamba kuwerenga, ena ali ku Matero, ena ku Kitwe, ena kutsidya kwa nyanja. Fesibuku itafika, Ba Elina anamutsegulira tsamba kumenekonso.

M'mawa uliwonse Hafswa ankayamba ndi ntchito imene ankaitcha kusesa pabwalo. Ankafufuta manambala a mafoni a aneneri. Ankafufuta a mankhwala azitsamba. Amene ankalemba kuti "shuwa wamvetsa chifundo" ankawayankha kuti chifundocho akachigulitse ku salaula, kumsika wa kaunjika. Koma tsiku lina anapeza uthenga umene chala chake chinakana kuufufuta.

"Uyu mkazi nimuziba, ankala pafupi na ise. Olo zina yake sakwanisa kukamba. Kuli wina amulembela, musanamiziwe."

Pansi pake anthu khumi ndi awiri anali atavomereza kale. Zinamupweteka, tisabise. Kumunena kuti wolumala anali atazolowera. Koma kumulanda mawu ake, chinthu chokhacho chimene anachipanga yekha ndi chala chimodzi, kunali kumuvula pagulu.

Sabata yomweyo kunabwera Hosea, mnyamata wa tayi wochokera ku bungwe lina la m'tauni. Anati pakhala msonkhano wa anthu olumala mu holo ya mu komboni, kubwera alendo akuluakulu, ndipo akufuna Hafswa akayankhule.

"Sapita," anatero Che Mohamedi, nyundo ili m'manja.

"Niza...yenda," anatero Hafswa.

"Mwanangu, akakuseka."

"A...seke."

Hosea anamwetulira n'kunena kuti pasakhale nkhawa. Iye adzaima pambali ndi maikolofoni yachiwiri, Hafswa akanena chiganizo, iye n'kuchibwereza momveka bwino kuti onse amve. Hafswa anamuyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, n'kuvomera. Mawa lake anamupatsa pepala la zimene akanene kuti akaliwerengeretu. Kenaka anapita kwa Ba Elina n'kulemba pa tsamba lake kuti: "Amene mukuti sinikamba, bwelani pa Chibelu mu holo. Mubwele na matu."

Loweruka masana holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala alendo a masuti, botolo la madzi aliyense patsogolo pake. Kumbuyo kunadzaza a mu Kanyama, ena obwera kudzamva, ena obwera kudzaona ngati zoti amalemberedwa zili zoona. Che Mohamedi anabwera atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, n'kukhala pafupi ndi chitseko ngati munthu wokonzeka kuthawa.

Pakhomo Hafswa anakumana ndi njinga ya olumala yatsopano, atayimanga riboni yofiira.

"Ni yanu iyi, Ba Hafswa," anatero Hosea. "Nkalanimo chabe, tikukankheni kufika kusogolo. Vizaoneka bwino pa vithunzi."

Taonani zinthu zake! Munthu wayenda yekha kuchokera kunyumba, wadutsa msika wonse, ndiye akhale pa njinga kuti chithunzi chikome? Hafswa anailambalala. Anayenda pakati pa mipando, mwendo ukukhwekhwereza pa simenti, holo yonse ikumvetsera phokoso lake. Anafika, nagwira maikolofoni ndi dzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu. Mantha anali nawo.

"Zina... langa... ndine Hafswa."

Zinatenga nthawi. Kumbuyo wina anaseka, wina n'kumuletsa.

"Akuti zina yao ni Ba Hafswa," anatero Hosea.

"Sinina...bwele... kupempha."

"Akuti ayamikira maningi pa thandizo yamene mwabweretsa."

Hafswa anatembenuka. Mwina sanamve bwino, anaganiza. Anakoka mpweya n'kuyesanso.

"Njinga iyo... sini...ifuna. Nili na... mendo. Konzani... njila."

"Akuti njinga iyi izasintha umoyo wao, Mulungu akudaliseni!"

Alendo anaomba m'manja. Mayi wina wa magalasi anapukuta msozi. Hafswa anamva mkwiyo ukukwera mpaka m'makutu. Pepala lija Hosea analiwerenga, ankadziwa bwinobwino zimene zinalimo, kungoti anaona kuti n'zowawa kwa alendo. Ndipo kumbuyo kuja anthu anali atayamba kugwedezerana mitu. Uyu wothokoza njingayu ndi amene amalemba zamoto zija? Bodza lija linali likusanduka zoona iye ali chiimire.

Anamenya maikolofoni pa tebulo. Phokoso lake linalira m'zimkuzamawu mpaka ana anatseka makutu.

"Wa...bodza!"

Liwu limenelo silinafune womasulira. Maso onse anatembenukira kwa mnyamata wa tayi uja. Hosea anaseka mwamanyazi n'kuyamba kunena kuti mlongo wathu watopa, tiyeni timuombere m'manja akapume. Koma asanamalize, kunamveka mawu kuchokera kuchitseko.

"Sanatope. Ndipo sananene zimene mwanenazo."

Anali Che Mohamedi. Munthu amene sanayankhulepo pagulu, ngakhale ku mzikiti, anali akubwera pakati pa mipando. Anatambasula dzanja la zipsera za malata, ndipo Hosea, posowa chochita, anawapatsa maikolofoni.

"Mwana uyu ndi wanga. Wanena kuti sanabwere kudzapempha. Wanena kuti njingayo sakuifuna, miyendo ali nayo, mukonze njira." Anatembenukira kwa Hafswa. "Nena, mama. Ine ndizingobwereza."

Ndiye zinayenda. Hafswa ankalimbana ndi chiganizo mpaka chituluke, bambo ake n'kuchinyamula chonse osachotsapo kanthu. Ananena za makondakitala. Ananena za miyala ya m'madzi. Ananena kuti amene akufuna kumupempherera ayambe apempha, chifukwa mutu ndi wake. Kumbuyo kunayamba kumveka "Eya!" ndi "Kamba, mwana!" Mnyamata wina anafuula kuti, "Ni yeve! Ni mwamene alembela!" Ena anali atayamba kumumva okha bambo ake asanabwereze, poti khutu likadikira limazolowera.

Kenaka Hafswa anafika pa ndime yomaliza ya pepala lake, ndipo anaima. Ndime imeneyo anailemba akudziwa kuti adzainena ndi Hosea, bambo ake ali kutali kuchitseko kapena kunyumba kumene. Tsopano anali pambali pake, mapewa akugundana. Akanatha kuidumpha, palibe akanadziwa. Koma ndiye akanakhala atadzidula mawu yekha, iye amene anatukwana dziko lonse chifukwa cha khalidwe lomwelo. Anayang'ana kutsogolo.

"Vinayambila... ku nyumba. Alendo... akabwela... Baba... benze kunikhomela... ku chipinda."

Che Mohamedi anauma. Anamva liwu lililonse, ndipo ankadziwa kuti ambiri m'holomo sanamve. Akanatha kunena china chilichonse. Hosea anali atangowaonetsa kumene mmene zimachitikira. Hafswa sanawayang'ane, ankangomva mpweya wawo mu chimkuzamawu.

"Akuti zinayambira kunyumba," anatero mkuluyo, mawu atatsika. "Akuti alendo akabwera, bambo ake ankamutsekera kuchipinda." Anadziloza pachifuwa. "Bambo akewo ndine. N'zoona. Ine ndinkaopa kuti anthu..."

"Baba. Sini...nasilize."

Mkuluyo anatseka pakamwa. Kenaka, mokhulupirika, anakweza maikolofoni n'kunena kuti, "Akuti sanamalize."

Holo inaphulika ndi kuseka, kuseka kwabwino kotulutsa mpweya umene anthu anaugwira. Hafswa anadikira mpaka atakhala chete. Kudikira ankakudziwa kuposa onsewo.

"Nenze... kumvela... vonse... pa chiseko. Benze kukamba... ati... mwana... agona."

"Ankamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Ndinkawauza alendo kuti mwana wagona."

"Sinenze... gone."

"Sanali m'tulo."

"Manje... lelo..." Apa nsagwada inagwira. Hafswa analimbana nayo, khosi litapindika, maso atatuluka. Sekondi khumi, makumi awiri. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayesa kumuthandiza. "Lelo... Baba... mwasegula... chiseko. Nakukhulu...lukilani."

Che Mohamedi anakweza maikolofoni.

"Akuti lero..."

Mawu anathera pomwepo. Milomo inkagwedera, ndevu zikunjenjemera, koma liwu osatuluka. Anayesanso. "Akuti lero ine..." Misozi inatsikira pa mkanjo wa Lachisanu. Bambo wamkulu, wokhoma migolo, anaima pamaso pa Kanyama yense lilime litakana.

Hosea anaona mpata wokonza mbiri yake. Nthawi ino anali atamva bwinobwino, ndipo anali wokonzeka kunena zoona. Anayandikira n'kugwira maikolofoni ya mkuluyo.

"Ba tate, lekani nikuthandizeni. Akuti lelo mwa..."

Hafswa anamenya dzanja la Hosea ndi dzanja lake lamanzere, lomwe lija la chala cholembera. Anakokera maikolofoni yake pakamwa, ndipo mawu awiri amene ananena anamveka mpaka kwa ogulitsa chimanga panja.

"Lekani... asilize."

Hosea anabwerera m'mbuyo. Alendo a masuti, amayi a mumsika, Ba Elina ndi anyamata a kumbuyo aja, onse anakhala chete. Hafswa anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake kumaso, ndipo anawadikira.