Oyilo wa Alamu M'chitsime

Kuseri kwa nyumba ya mayi wosoka zovala kunali galaja ya mlamu wake, makanika. Loweruka lililonse bamboyu ankawaza pabwalo oyilo wakuda wokhetsa m'magalimoto kuti fumbi ligone, nzeru imene anaitengera kwa bwana wake woyamba. Koma pabwalo pomwepo panali chitsime chimene mabanja onse awiri ankamwa.

Mvula yoyamba itagwa, mayiyo anaona madzi a m'ndowa akunyezimira ngati khosi la njiwa. Atawanunkhiza, analunjika kugalaja.

"Alamu, oyilo wanu walowa m'chitsime. Lekani kuthira zowononga chilengedwe pabwalo."

Makanika anaseka ali chigonere pansi pa galimoto. "Mawu a pa wailesi amenewo! Zowononga chilengedwe ndi za m'mafakitale, zija za m'migolo yojambulidwa chigaza. Uyu ndi oyilo basi. Ndamugwira zaka makumi awiri, zala zanga zilipo zonse. Inu sokani madiresi, za injini tisiyireni."

Mayiyo anadikira dzuwa lifike paliwombo, madalaivala atatu atakhala pa matayala kudikira magalimoto awo. Anatunga madzi onse akuona, n'kudzaza tambula yagalasi.

"Alamu, thukuta lakukwanani. Imwani. Mulibe chigaza m'menemu."

Makanika anakweza tambulayo padzuwa. Pamwamba pa madzi pankayandama kautawaleza. Anaifikitsa pamlomo, mphuno inakana.

"Imwanitu, bwana," anatero dalaivala wina, "mawondo anu alandire oyilo, aleke kulira!"

Anzakewo anafa nako kuseka. Mayiyo sanaseke.

"Ana anu akaweruka kusukulu ndiwapatse omwewa? Chimene mwathira pansi, madzi n'kukanika kumweka, dzina lake ndi lomwe lija, kaya chachokera kufakitale kaya m'manja mwa mlamu wanga."

Makanika anaika tambula pansi n'kutenga fosholo. Anapala dothi lonse lakuda, kulilongedza m'matumba, kenako anakapa chitsimecho masiku atatu msana uli wowerama. Oyilo wakale anamupezera mgolo wovundikira pakona ya galaja.

Tsiku limene madzi anayera, mayiyo anamwa tambula yonse ataimirira pakhomo la galaja, n'kupukuta pakamwa. Kenako anatulutsa choko chake cholembera nsalu, nalemba pamgolo paja ndi zilembo zikuluzikulu: ZOWONONGA CHILENGEDWE. Pansi pake anajambulapo chigaza cha mano onse.

"Nachi chigaza chanu, alamu, kuti musadzasokonezekenso."