Kabuku Kachikasu ndi Msewu wa Kuchisumbu

Pofika 7 koloko m'mawa wa Lachinayi, Jodie anali atachapa kale nsalu zapabedi za bambo ake m'kabafa ka m'kalavani, n'kuziyanika kuseri. Anali atasintha mwana thewera, atawapatsa bambowo mapiritsi anayi a m'mawa n'kuima pomwepo mpaka atameza, atawameta ndevu, atapaka batala buledi wa paulendo, atathira tiyi m'fulasiki, ndiponso atakutumula mchenga m'nsapato za anthu atatu. Ankati ali pa tchuthi. Iye ankangoona ntchito zomwe zija za kwawo ku Stoke, kungoti khitchini yachepa.

Kalavaniyo, kanyumba ka matayala kochita lendi, analipira ndi mkulu wake Lorna, sabata yathunthu m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Wales. Galimoto imene anabwera nayo inalinso ya Lorna. Ndiye amene anapita patali ndi sukulu, amagwira ntchito mu ofesi ku Leeds. Jodie anasiyira panjira ali ndi zaka 16, mayi awo atadwala, ndipo kuyambira pamenepo sanachokenso pakhomo. Mayiwo anamwalira. Tsopano anali ndi mwana wake Tilly wa zaka ziwiri, ndi bambo awo a Des, omwe mutu unayamba kuwathawa zaka zitatu zapitazo.

Tchuthicho sichinali cha chabe. Lorna ananena mosabisa asananyamuke kuti akufuna adzionere yekha mmene adadi alili kwa sabata imodzi, ndipo Loweruka akhala pansi awiriwo. M'chikwama chake munali mapepala a nyumba yosungirako okalamba, odzaza kale, ongodikira kuti ana onse awiri asaine. Jodie sankafuna kusaina. Choncho ulendo uliwonse wa sabata imeneyo unali ngati mayeso, ndipo iye ankawalembera bambo ake mumtima.

Lolemba ku linga lakale la ku Conwy bambowo anakhoza. Anakwera masitepe onse osapumira, ndipo ali pamwamba analoza msewu uliwonse n'kutchula komwe umapita, poti anayendetsa malole m'dera limeneli zaka makumi atatu. Jodie ankangomuponyera diso Lorna kuti waona? Lachiwiri ku tawuni ya Llandudno anasowa kwa mphindi makumi awiri, n'kukapezeka m'sitolo ya nsapato akufunsa ngati mkazi wawo Pauline wadutsako. Lachitatu pagombe anakanirira jekete la m'chisanu dzuwa likuswa mtengo, akuti uno ndi Disembala, mwezi wozizira kwambiri kumeneko. Lorna anangotulutsa foni n'kulembamo.

Lachinayilo Lorna anatsala, chifukwa anali ndi msonkhano wa kuntchito pa kompyuta. Popereka makiyi a galimoto anati, "Ukaikanda ugulitsa mwanayu undilipire."

"Angagule ndani? Amaluma," anatero Jodie.

Anali atasankha yekha kokayenda. Kunali kachisumbu kena kokhala ndi linga laling'ono, komwe a Des ankawatengera ali ana. Anaganiza kuti akakafika kumeneko bambowo akakumbukira zambiri, iye akawajambula akufotokoza, madzulo n'kumuonetsa Lorna. Msewu wopita kuchisumbuko umadutsa pamchenga, ndipo nyanja imauphimba kawiri pa tsiku. Mu dilowa ya m'kalavani munali kabuku kachikasu ka nthawi za madzi, ndipo pachikuto mwini kalavani analembapo ndi bolopeni kuti msewu umatseguka patatha maola atatu madzi atadzaza. Jodie anapeza tsiku lake, anatsata mzere ndi chala. Madzi adzaza 7:15. Anawonjezera atatu, 10:15. Masamu otere sanamuvutepo.

Anafika pamutu pa msewuwo 10:20. Madzi anali akadali pamsewu, akunyezimira kuchokera pomwe tala imatsikira mpaka kutsidya, mitengo yosonyeza njira itangoima m'madzimo m'mizere iwiri. Pambali panali magalimoto anayi, eni ake ali mkati akumwa tiyi. Chikwangwani cha zidziwitso chinali patali, pafupi ndi zimbudzi. Tilly anali atalira kuyambira pamene anachoka pa kalavani, mano akumbuyo akutuluka, ndipo anali atasanzira lamba wa mpando wake. Jodie anayang'ana wotchi, anayang'ana madzi. Pafupipa ankaoneka osaya, mzere woyera wa pamsewu ukuoneka bwinobwino pansi pake. Anadziuza kuti ndi otsalira chabe, ndipo anthu a m'magalimotowo ndi alendo amantha.

A Des anatenga kabukuko pa dashibodi, anakatalikitsa ndi maso, n'kukabweza.

"Kabuku aka kamayendera nthawi ya m'chisanu," anatero.

"Adadi, uno ndi Ogasiti, nyengo yotentha."

"Ndi chifukwa chake. Ka m'chisanu aka."

Jodie atamva mawu oti chisanu, m'maso mwake munabwera jekete la dzulo lija, ndi Lorna akulemba mufoni. Anawauza mofatsa, mmene amawauzira akafuna kupita kuntchito yomwe anapuma kalekale, kuti kunja kukutentha ndipo zonse zili bwino. Mwana anakuwa kwambiri. Jodie analowetsa giya.

Bambowo anaika dzanja pa chiwongolero. "Pauline, tadikira kaye."

Dzina la malemu mayi ake ndi lomwe linamaliza nkhani. Anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, analibwezera pamwendo pawo, n'kutsikira m'madzi.

Poyamba zinkayenda. Madzi ankangolira pansi pa galimoto ngati podutsa pa chithaphwi. Koma msewuwo uli ndi potsika chapakati, ndipo kuchokera kumtunda sipaoneka. Mzere woyera unasowa. Madzi anakwera pa boneti kamodzi, kawiri, injini inatsokomola n'kuzima. Jodie anapotokola kiyi. Anapotokolanso, ndi kachitatu. Kenaka anamva kuzizira m'mapazi, ndipo atayang'ana pansi anaona botolo la mwana likuyandama pafupi ndi mabuleki.

Anamasula lamba wake. Anatembenuka kuti amutenge Tilly, osadziwa kuti akamutenga apita naye kuti. Kutsogolo kunali madzi, kumbuyo madzi, ndipo anthu aja anali atatuluka m'magalimoto awo, ena atakweza mafoni.

"Siya kiyiyo, ukupha injini," anatero a Des. Mawu awo anali a munthu wa pantchito, omwe Jodie anali asanawamve zaka zambiri. Anamuuza kuti asatsegule chitseko. Anamulozera mtengo umodzi wa m'mbali mwa msewu, pomwe panali ponyowa kutalika ngati chikhatho pamwamba pa madzi, n'kunena kuti madziwo akupita, sakubwera, angokhala phee. Kenaka anavula nsapato n'kuziika pa dashibodi, anatambasula manja kumbuyo, ndipo Jodie anawapatsa mwanayo. Anamukhazika pamiyendo, akumunyemera buledi, akumuwerengera mbalame zoyera zomwe zinkatera pamitengo ija. Tilly anatonthola.

Anakhala momwemo mphindi pafupifupi makumi anayi. Jodie sanachotse maso pamtengo uja. Ponyowa paja panakula, panakula, mpaka tala inayamba kuonekera, yakuda, yodzaza ndere.

Amene anabwera kudzawakoka anali bambo wina wa konko, a Gethin, pa thirakitala yadzimbiri. Anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati onse ali moyo, ndipo atamva kuti inde, anati ndiye zili bwino, chaka chino iwo ndi achisanu ndi chiwiri. Ataona kabuku kachikasu anaseka chapansipansi. Anakatsegula, n'kuika chala chakuda ndi girizi pansi penipeni pa tsamba. Panali kamzere ka zilembo zing'onozing'ono konena kuti m'miyezi yotentha, yomwe dziko lonse limasunthira mawotchi kutsogolo, owerenga awonjezere ola limodzi.

"Timabuku iti sitisuntha wotchi, mayi. Kwa ito chaka chonse n'chisanu," anatero. "Mukanamwa tiyi ngati anzanuwo."

Jodie anawerenga kamzereko kawiri. Sanayang'ane bambo ake.

A Gethin anawakokera ku galaja ina m'mudzi wapafupi. Makaniko anatsegula boneti, ananunkhiza, n'kufunsa kuti kiyi anapotokola kangati. Atamva kuti katatu anangopukusa mutu. Jodie anaimbira Lorna, n'kungonena kuti onse ali bwino koma abwere.

Pamene Lorna amatsika takisi, n'kuti a Des atatopa, ndipo akatopa mutu umabalalika. Anali atakhala pa tayala panja pa galajayo, opanda nsapato, buluku litanyowa mpaka m'maondo. Atamuona Lorna anaimirira ngati aona bwana wa kuntchito. Anayamba kupepesa. Anati lole aimiza ndi iwo, anaona ngati adutsa, katundu yense wanyowa, ndipo ngati n'kudula malipiro awadule iwo, mtsikanayu alibe mlandu.

Lorna anawakhazika pansi, anawafunditsa juzi lake. Kenaka anamukokera Jodie kuseri kwa galimoto yomwe inali ikudonthabe madzi.

"Unawapatsa makiyi?"

"Ayi."

"Ndiye anakukakamiza. Anakuwa mpaka iwe n'kulowa m'madzi. Ndi choncho?" Lorna sankakalipa. Ankaoneka ngati munthu amene wapeza chomwe amafuna koma sichikumusangalatsa. "Tangonena, Jo. Sindikukwiyira. Galimoto ndi chitsulo."

Jodie anaona kuti khomo lamutsegukira. Akanangogwedeza mutu, mlandu wa galimoto ukanachoka pa iye, ndipo palibe akanamutsutsa, ngakhale bambo akewo. Mbali ina ya mtima wake, yomwe sankaiuza munthu, inkafuna kugona mpaka kutacha osamvetsera ngati chitseko chakumaso chatseguka. Anasuzumira mbali ina ya galimoto. A Des anali akumuveka Tilly sokosi, mosamala, kuphazi lolakwika.

"Anandiletsa," anatero. "Anandiuza kawiri kuti kabukuko n'ka nthawi ya m'chisanu. Anagwira ndi chiwongolero chomwe. Ine ndinaona ngati ayambanso zija za jekete. Ndipo titaima m'madzi, amene amadziwa chochita ndi iwowo, osati ine. Ulembe zimenezo mufoni mwakomo."

Anayembekeza kuti Lorna akalipa za galimoto, ndipo iye anali wokonzeka kulandira. Koma Lorna anangoyang'ana mpando wa mwana womwe makaniko anautulutsa n'kuuika padzuwa.

"Unaona madzi ndi maso ako, magalimoto anayi ataima, n'kulowamo ndi mwana kumbuyo," anatero pomaliza. "Iwe, amene umawerenga mapiritsi kawiri. Unagona liti komaliza usiku wonse?"

Jodie anati zimenezo sizikukhudzana. Lorna anati ndi zomwezo. Anati sabata yonseyi wakhala akuyang'ana munthu wolakwika. Adadi tsiku lina akhoza, tsiku lina alephera, zimenezo zikudziwika kale. Koma wowasamalirayo wafika poti sangathenso kusiyanitsa pamene akubwebweta ndi pamene akunena zoona, ndipo ulendo wina madzi adzakhala akubwera, osati akupita. Jodie anapita kukafuna nsapato za bambo ake pa dashibodi.

Lachisanu sanapite kulikonse. A Des anadzuka ali bwino, anadya mazira awiri, n'kufunsa kuti kodi kuchisumbu kuja apita liti. Za dzulo sanakumbuke chilichonse. Jodie anawauza kuti madzi sali bwino sabata ino, iwo n'kuvomera kuti nyanja ya kuno ndi yotero.

Loweruka m'mawa, zikwama zili pakhomo, Jodie ndi mkulu wake anakhala pa katebulo ka m'kalavani. Jodie anakana zoti bambowo apite mpaka kalekale. Anati milungu isanu ndi umodzi yoyesa, ndipo chipinda chawo kunyumba chisakhudzidwe. Lorna anavomera msanga, mwa njira yomwe inamuuza Jodie kuti onse awiri akudziwa mmene milungu yoyesa imathera. Anasaina ndi bolopeni ya mu dilowa.

A Gethin analandira mapaundi 80 a thirakitala. Takisi ya Lorna inali 34, ndipo makaniko anatenga 60 pongonena kuti injini yafa ndi mchere. Matikiti a sitima obwerera ku Stoke, akulu atatu, anakwana 117, mwana ulere. Mpando wina wa Tilly unali 45 wogula kwa munthu. A inshuwalansi anakoka nkhani miyezi iwiri, kenaka anapereka theka la mtengo wa galimoto, ndipo Lorna sanamufunse Jodie za theka linalo. A Des analowa m'nyumba ya okalamba ija pa 9 Seputembala. Basi yopita kumeneko ndi mapaundi anayi kupita ndi kubwera, ndipo Jodie amakwera katatu pa sabata.