Masamba Amene Anasowa

Buku langa litatuluka, ndinayamba kuyenda ngati tambala. Pa misonkhano ya alembi ndinkaima kutsogolo, jekete ili paphewa, n'kumadzudzula dziko lonse kuti anthu masiku ano sawerenga, angoweramira mafoni basi. Alamu anga anati bukulo ndi lozama. Mnzanga wa kunyuzipepala analemba kuti limagwira mtima kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ndinadula kachidutswako n'kukamata pakhoma.

Patatha chaka, ndinapita kwa mayi wina wosoka zovala kuti andichepetsere thalauza. Akundiyeza m'chiuno, mapini ali kukamwa, anandiyang'anitsitsa.

"Kodi si inu muli pachithunzi kuseri kwa buku lija?"

Ndinadzitukumula mpaka tepi inathina. Mayiyo anasolola buku pansi pa mulu wa nsalu, lakuda ndi manja, makona onse opindika. Ndinali ndisanaonepo buku langa litatha chonchi, ndipo ndinasangalala kwambiri.

"Ndiye mundiuze," anatero. "Tsamba 80 likatha, kukubwera 97. Mkazi uja anali pakhomo pa mwamuna wake, dzanja lili m'mwamba. Kutembenuza tsamba, ali kale m'basi. Anagogoda kapena sanagogode?"

"Mwina ana anang'amba, mayi."

"Ana ake ati? Ulusi womangira bukuli uli bwinobwino. Zosoka ine ndimazidziwa."

Ndinathamangira kunyumba n'kukoka makatoni kunsi kwa bedi. Buku loyamba, 80 kenako 97. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinatsegula katoni yonse, thukuta lili kamukamu. Masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, pamtima penipeni pa nkhani, osindikiza anawadumpha pomanga mabuku onsewo. Ndipo ine mwini wake mabukuwa ndinawasayina, ndinawanunkhiza, ndinajambulitsa nawo, koma kuwawerenga ayi. Ndinkati ndikudziwa kale zimene zili m'katimo.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya mkonzi wa bukulo osagogoda n'komwe. Anandimvetsera mofatsa, akupukuta magalasi.

"Chaka chathunthu, wodandaula mmodzi yekha?" anatero. "Achimwene, ingokhalani chete. Mukaulula, onse amene anakuyamikirani aja achita manyazi, ndipo sadzakukhululukirani."

"Nanga inuyo munaliwerenga?"

"Ndinaliwerenga lisanapite kosindikiza." Anatsokomola. "Mbali zina."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndinakumbukira kuti nanenso sindinaliwerenge. Anyani amasekana zikundu. Ndinatuluka manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Ndiye kuti dziko lonseli ndinali ndi wowerenga mmodzi, ndipo ameneyo sindikanalola kumutaya. Ndinatulutsa masamba osowawo pakompyuta n'kupita nawo kwa mayi uja. Anali masamba amene ndinavutika nawo miyezi itatu, ndipo ndinkawanyadira kuposa ena onse. M'njira ndinkaganiza kale zimene ndiyankhe akayamba kunditama.

Anaimitsa makina, napukuta manja pansalu, n'kuyamba kuwerenga. Ine ndinakhala pakampando, manja pakati pa mawondo ngati mwana wasukulu mu ofesi ya ahedi. Kunabwera munthu kudzatenga diresi yake, mayiyo anangomukodola kuti adikire, maso osachotsa papepala.

Atamaliza, anawasanja bwinobwino mapepalawo n'kundibwezera.

"Ndiye anagogoda, n'kulankhula masamba onsewa?"

"Pamenepo ndiye pachimake pa nkhani, mayi."

"Mkazi wopwetekedwa mtima chonchija salankhula zambiri, bambo. Ine ndinkati anaima pakhomopo, n'kumva mwana wa mkazi winayo akuseka m'nyumbamo, basi n'kubweza dzanja. Ndinalira nazo sabata yathunthu."

Anaika nsalu pansi pa singano n'kupondanso makina.

"Musawabwezeremo," anatero. "Amene anawachotsayo amaidziwa ntchito."