Mbuzi Ziwiri za Chinkhoswe cha Esmeralda

Utsi unali kutuluka bwino mumgolo, ndipo a Sitefano anali kutembenuza nyama pawaya uku akuimba kamluzu. Ku Muloza konse, pa nkhani yowamba nyama ankamveka ndi iwo: mandimu, adyo, tsabola, nkhuni za mango, moto wochepa, utsi wambiri. Lero linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo mmodzi yekhayo, Esmeralda. Anapha mbuzi ziwiri zimene anaweta zaka zitatu, poti akuchimuna ochokera ku Limbuli anati abwera ndi chikhamu.

Mgolo wawo wakale unali utabooka. Uwu anabwera nawo ndi mlamu wawo Luckson, amene ankagwira ntchito yopopera mankhwala ku esiteti ya tiyi.

Chidutswa china chitagwa pansi, a Sitefano anaponyera galu wawo. Sipanapite ola, galu uja anayamba kuzungulirazungulira, thovu kukamwa, miyendo ikunjenjemera. Kenako anagwa pafupi ndi nkhokwe, osadzukanso.

A Sitefano anathamangira kumgolo. Ananunkhiza nyama ija. Pansi pa tsabola panali kafungo kena kachilendo.

"Alamu," anaitana motsitsa mawu, "mumgolomu munali chiyani?"

Luckson anakanda kumutu. "Mankhwala ophera tizirombo. Koma ndinatsuka katatu, alamu, ndi sopo weniweni!"

"Epa! Mwatipha inu!"

Mayi Malita, akazi awo, anabwera akuthamanga kuchokera kukhitchini. Atamva, anakhala pansi pafumbi, chitenje chatsopano chili m'chiuno.

"Bambo a Esmeralda, tingosenga pamwambapo, titsuke ndi mandimu. Mwina galuyu wadya zina kumudziku. Anthu mazana awiri tiwapatsa chiyani? Mwana wathu adzayenda bwanji kwa apongozi ake?"

Kunena zoona, a Sitefano anaganizapo. Nyama inali itapsa bwino, yofiirira, mafuta akuchucha. Kumsewu kunkamveka kale nthungululu, lole ya ku Limbuli itafika. Anayang'ana ana a alendo amene anali atayamba kuunjikana kumpanda, akumeza malovu.

"Manyazi anapha Lambe, mayi," anatero. "Ndipatseni khasu."

Anakumba dzenje kuseri kwa nthochi, nakhuthuliramo nyama yonse mpaka kachidutswa komaliza. Anathira parafini kuti wina asadzafukule, naikamonso galu uja pamwamba. Misozi inkatsika osaipukuta. Ali mkati mokwirira, Esmeralda anatulukira atavala kale zachinkhoswe.

"Ababa, nyama yanga ili kuti?"

Anamufotokozera. Mtsikanayo anangoyang'ana dothi lofiiralo, nabwerera m'nyumba.

Alendo anadya mpunga wa nyemba ndi kabichi. A Sitefano anaima pakati pa bwalo nanena zonse, koma ndani akanamva? Malume a mnyamata, a Pilato, anaseka mokweza.

"Tinamva kuti kuno kuli katswiri wa nyama. Kani nyama ya ku Muloza imamera m'munda? Mukanangonena kuti mbuzi munagulitsa!"

Bwalo lonse linaseka, ndipo Esmeralda anawerama pamkeka mpaka mwambo unatha. Ukwati unachitika ndithu, koma ku Limbuli mpaka lero amamutchula kuti Nanyemba, ndipo kwa bambo ake sanapondeko chaka chonse.

Madzulo a tsiku la chinkhoswelo, lole ikunyamuka, a Sitefano anaima kumpanda khasu lija lili m'manja. Anthu ankakwera akuwanyoza, ena akuwaloza chala. Iwo ankangoyang'ana ana aja akukwezedwa mmodzimmodzi, onse ali moyo.