Dzanja Pachigongono

Inali 11 koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosatherapo. M'chipinda chodyera cha nyumba yosungirako okalamba, matebulo anali atakankhidwira kukhoma, mipando ili pamzere. Inali nthawi ya mafizo, masewera olimbitsa thupi.

A Telala, omwe anasiya kusoka maso atayamba kufooka, ankakhala kumapeto kwa mzere. Chimwalirireni akazi awo, anthu ankangowapatsira zinthu: mankhwala, mbale, thawulo. Wowakhudza panalibe, kupatula mayi wa mafizo. Munthu akaima ndi mwendo umodzi n'kuyamba kudzandira, mayiyo ankabwera kudzamugwira pachigongono mpaka atakhazikika. Dzanja lake linali lofunda.

Vuto linali loti miyendo ya a Telala inali italimba. Ankadzuka pampando osagwira kanthu, ndipo mayiyo anali atayamba kumangowadutsa n'kuwauza kuti, "Mwakhoza, agogo." Ndiye anayamba kudzandira dala.

"Kwezani mwendo wamanja. Maso kutsogolo!"

A Telala anapendekera kumanzere, pang'ono pokha. Dzanja lija linafika.

"Inu a Telala," ananong'ona a Dalaivala, a mpando woyandikana nawo, mayiyo atapitirira. "Dzulo ndinakuonani mukuthamangira tiyi ngati mwana wasukulu. Lero mwendo wakana ntchito?"

"Samalani zanu, achimwene. Inu mumagwa muli chikhalire."

Atamaliza zopondaponda ndi zidendene, mayiyo anatuluka. Anabweranso atanyamula chitsulo choyendera, cha miyendo inayi, chatsopano, mapepala apulasitiki akadali kumapazi kwake. Anachiimika patsogolo pa a Telala.

"Agogo, ndakhala ndikukuonani masiku onsewa. Mwabwerera m'mbuyo, ndipo ine manja ndi awiri okha, anthu ndi awa. Ndikuopa kuti mudzagwa ndili kwa wina. Ichi ndachimenyera nkhondo kuofesi, ena akuchidikirabe."

Ankamwetulira ngati munthu wabwera ndi mphatso. A Telala anayang'ana chitsulocho. Akanatha kuimirira pomwepo, n'kuyenda mpaka pakhomo osapepesuka. Koma akanati chiyani mayiyo akafunsa chifukwa?

"Zikomo, mwanangu," anatero. "Mwavutika."

"Tachiyesani. Gwirani apa ndi apa. Kwezani mwendo."

Anagwira. Mphira wake unali wozizira, wonunkha sitolo. Anakweza mwendo, ndipo mwa chizolowezi anapendekera kumanzere. Chitsulo chinawagwira bwinobwino.

"Mwaona? Tsopano simukufunanso ine," anatero mayiyo, akupita kwa gogo wina yemwe silipasi inali itamuvuka.

A Telala anadikira kuti a Dalaivala aseke. Sanaseke. Ankayang'ana pawindo, akusisita bondo.

"Kamvula aka sikatha lero," anatero a Dalaivala.

"Sikatha."

Anthu anayamba kubwerera kuzipinda zawo, a Telala pambuyo, chitsulo chikugogoda pasimenti. Mayi wa mafizo anapinda manja a juzi yake n'kuyamba kukokera matebulo pakati, poti chakudya chamasana chinali pafupi.